Mlamu Wako Akundimana Chakudya

3 Malichi

Mwana wanga, Aphunzitsi,

Ndikhulupirira uli bwino kunjako, iwe ndi amuna ako, ndi ana a eni amene umawakalipira m'kalasiwo. Ine ndilipo, pang'ono chabe.

Usadabwe ndi adiresi ili pa envulopuyi. Ndili kwa mlongo wako m'tauni. Ndasankha kalata chifukwa foni m'nyumba muno siisunga chinsinsi. Makoma ake ndi opyapyala ngati nsalu ya lainingi. Ukatsokomola kuchipinda, wa kukhitchini amati pepani.

Zinayamba ndi m'mimba, kumanzere, m'munsi mwa mchombo. Ndinkati ndi kudzimbidwa kwanga kwa masiku onse, ndiye ndinapirira masiku atatu ndikumalizitsa mayunifolomu a ana asukulu. Tsiku lachinayi thupi linatentha, phazi linakana kuponda makina osokera. Mlongo wako anabwera ali mu ovolosi yake yamafuta n'kunditengera kuchipatala. Ndinagonako masiku awiri, diripi ili pamkono. Anandilowetsa m'chimakina chojambula m'mimba. Kenako adokotala anaitanira mlongo wako pakhonde, ndipo pobwerera maso ake anali ofiira. Dzina la matendawa anandiuza, koma ndi lalitali ngati sitima, ndinangogwirako kumchira kwake.

Tsopano chimene ndakulembera. Mlamu wako akundimana chakudya. Chitulukireni m'chipatala lero ndi tsiku lachitatu, ndipo mano anga sanagwirepo ntchito. M'mawa tiyi wopanda mkaka. Masana msuzi wosefa, woti ukasuzumira m'mbale umaona maluwa a pansi pake. Madzulo msuzi womwewo, wangosintha mbale. Munthu amene ntchito yake ndi kuphika makeke ogulitsa, n'kumapatsa apongozi ake madzi! Iwo amadyera kukhitchini atatseka chitseko, akunong'onezana. Mapiritsi anga a mawondo anawatenga n'kuwaika m'chikwama chake. Nditafunsa anati, "Amayi, awa ayi, ndikupatsani ena." Amalankhula mokoma, sindinganame, koma mawu okoma sakhutitsa.

Ukukumbukira kuti bambo ako nawo anayamba ndi m'mimba? Nawonso ankapatsidwa msuzi. Sindikunena kanthu, ndikungokumbuka.

Ngati pali wobwera kuno, unditumizire mabisiketi aja a mtini. Auze apereke kwa ine m'manja. Kalatayi ndapatsira mayi woyandikana nawo nyumba. Usawauze anthuwa kuti ndalemba.

Ndine mayi ako.

21 Malichi

Alamu,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mlongo wanga.

Ndalemba m'malo moimba foni chifukwa pakamwa panga ndimapadziwa, pakatentha sipasankha mawu. Dzulo ndalandira kalata ya amayi. Yatha masabata awiri ndi theka m'njira, ndipo nthawi yonseyi palibe anandiuza kuti mayi anga anagonekedwa m'chipatala. Ndaimbira mlongo wangayo, Sipanala, kugalaja kwake. Yankho lake linali lakuti, "Ali bwino, achemwali, ndili pansi pa galimoto," n'kudula.

Amayi akuti akukhalira msuzi ndi tiyi, pamene inu mukudya mutatseka chitseko. Akuti mwawalanda mankhwala a mawondo. Sindikufuna kukhulupirira, chifukwa pa zaka zisanu zimene mwakhala m'banja lathu sindinakuonenipo choipa. Komanso amayi anga si munthu wodandauladandaula. Anatilera ndi singano, ndipo njala imene anagona nayo chifukwa cha ife ndi yokwanira.

Ngati akulemerani, nenani poyera. Si mlandu, nyumba ndi yaing'ono ndipo odwala amatopetsa. Sukulu ikatsekera ndibwera ndidzawatenge. Koma pakadali pano ndikupempheni, apatseni chakudya. Ndipo mundiuze dzina la matendawo, lonse, monga analembera adokotala.

Ndine mlamu wanu.

1 Epulo

Alamu anga okondedwa,

Moni wanu ndalandira, pamodzi ndi mkwapulo umene munaukulunga m'katimo. Ndinawerenga ndili chiimire pafupi ndi uvuni, ndinalira pang'ono, keke n'kupserera. Kenako ndinaseka. Mukanakhala chete mutamva zotero ndi pamene ndikanakuopani.

Choyamba, tinalakwa kusakuuzani. Amayi anatiletsa, akuti musasokonezeke ndi mayeso a ana, ife n'kumvera. Pepani.

Matendawa dzina lake ndi dayivetikulayitisi. Ndakopera chilembo ndi chilembo, ndipo ine ndemwe ndimapumira pakati polinena. Adokotala anandijambulira papepala. Akuti munthu akamakula, khoma la thumbo lalikulu limafooka malo ena, n'kutuluka timatumba ting'onoting'ono. Mlongo wanu atamva anati, "Ngati chubu chotupira pa tayala lakutha." Akuti anthu ambiri achikulire ali nato ndipo amakhala osadziwa. Vuto limabwera kamodzi ka timatumbato kakatupa n'kulowa tizilombo. Ndiye ululu uja wa kumanzere ndi kutentha thupi kuja.

Pofuna kuti pachire, anawapatsa mankhwala opha tizilombo, n'kutiuza kuti matumbo apume masiku ochepa: zamadzimadzi zokhazokha. Ndiwo msuzi umene wandipatsa mbiri kunjako. Unali wa nkhuku yathunthu, alamu, ndinkangosefa. Tinkadyera kukhitchini kuti asaone ife tikutafuna iwo akumwa. Sabata imeneyo makeke ndinkakaphikira kwa mnzanga kuti fungo lisawazunze. Mapiritsi a mawondo aja adokotala anati mtundu umenewo umaputa matumbo, ndipo anawalembera ena. Pamene kalata yawo inkakupezani n'kuti atayamba kale mpunga, mazira ndi nsomba. Mayi woyandikana nafe uja anaiiwala m'chikwama, wavomera yekha.

Panopa tikuwonjezera pang'onopang'ono nyemba, masamba, zipatso ndi buledi wabulawuni, kuti asamadzimbidwe. Akuti tikathamanga nazo mimba idzadzaza mpweya. Madzi ndiye nkhondo. Amati, "Ndine mbewu ine yoti muzindithirira?"

Koma nkhani imene ikundisowetsa mtendere ndi ina. Adokotala akufuna pa 22 mwezi uno awaone m'matumbo ndi kakamera. Akuti amatero kawirikawiri munthu akachira, kuti atsimikize kuti palibe china chobisala. Amayi akana kwamtuwagalu. Akuti, "Mukufuna mukaone chiyani chimene simunachione kale?" Dzana ndinawapeza akupinda zovala zawo zabwino n'kumaika timapepala ta maina. Andifunsa ngati ndingakonde makina awo osokera. Ndikawauza kuti si khansa, amandigwira tsaya n'kunena kuti, "Ndiwe mwana wabwino," ngati ine ndiye wofunika kutonthozedwa.

Akuti anaona maso a mwana wawo ali ofiira kuchipatala. Zoona anali ofiira. Adokotala anangomuitana kuti asaine mapepala, koma khonde lake ndi lomwe lija munkadikirirapo nthawi ya bambo. Sanathe kupirira. Mumamudziwa mlongo wanu, injini amaimva ikangotsokomola, koma za mumtima mwake mpaka ufukule ndi khasu.

Ine nthawi ya bambo ndinali ndisanabwere m'banja muno. Sindidziwa chimene chinachitika, koma ndikuona kuti chilipo. Sakundilemera, alamu. Ndikufuna akhale. Ndithandizeni.

Ndine mlamu wanu, wosefa msuzi.

11 Epulo

Amayi anga,

Moni wa mwana wanu wopupuluma. Muli bwanji lero, m'mimbamo ndi mawondowo? Alamu ndawalembera kalata yapayokha yopepesa. Ndinawalasa popanda mlandu, ndipo manyazi ake ndikuyenda nawo mpaka m'kalasi.

Ndamva kuti mukukana kukaonedwa ndi kamera, ndiponso kuti mwayamba kugawa zovala. Ndikudziwa chifukwa chake, ndipo chifukwacho ndine.

Pali chimene ndasunga zaka zisanu ndi ziwiri. Tsiku limene zotsatira za bambo zinatuluka, adokotala anauza ine poyamba, poti ndine wamkulu. Anati ndi khansa ndipo yafalikira. Ndine ndinawapempha kuti asauze bambo, asauzenso inu. Ndine ndinalumbiritsa Sipanala. Tinkakuuzani kuti ndi zilonda za m'mimba, zipola. Miyezi inayi tinkamwetulira m'chipinda, n'kumakalirira pakhonde. Ndinkati ndikukutetezani. Bambo anapita osatsanzika bwino, inu munadziwa kwatsala sabata imodzi. Sindinakupepesenipo. Ndikupepesa lero.

Ndiye mukamati ana anga akundibisira, simukulota. Tinachitapo. Koma ulendo uno ayi, Amayi. Sindikupemphani kuti mukhulupirire ine, mbiri yanga ndaiwononga ndekha. Ndikupemphani mupite pa 22 mukadzionere nokha. Muwauze adokotala kuti chilichonse chimene apeze, auze inu, m'maso muli gwa, wina aliyense asanamve. Zithunzi akupatseni m'manja. Chikakhala choipa, mudzatiuza ndinu. Chikakhala chabwino, mudzatiuzanso ndinu.

Makina osokera asachoke pamalo pake. Alamu sadziwa n'kulowetsa ulusi komwe, ndipo siketi yanga ya buluu ikudikira inu.

Mabisiketi ndatumiza ndi mphunzitsi mnzanga. Ndamuuza apereke kwa alamu, osati kwa inu. Mundikwiyire.

Ndine mwana wanu woyamba.

23 Epulo

Achemwali,

Moni. Ife tili bwino. Mkazi wanga wandikhazika pampando, wandipatsa cholembera, akuti sindidzuka mpaka tsamba lidzaze. Ndilemba zilembo zikuluzikulu.

Kalata yanu inafika Lolemba. Amayi anaiwerenga kuchipinda. Anatuluka patapita nthawi, anati, "Mankhwala otsuka m'mimba aja, oti ndimwe ndisanapite ku kamera, ali kuti?" Basi.

Dzulo tinapita. Si khansa. Ndalemba kawiri kuti muone bwino: si khansa.

Zina akuuzani okha. Andiletsa kunena zambiri, akuti nkhani ndi yawo. Ngakhale izi ndalembazi ndaba.

Pepani ndinakudulirani foni tsiku lija. Sindinali pansi pa galimoto. Ndinali nditakhala pa tayala kuseri kwa galaja.

Tsamba ladzaza.

Ndine mlongo wanu, Sipanala.

28 Epulo

Aphunzitsi,

Moni kwa iwe ndi amuna ako. Ine ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena ndi pakamwa podzaza.

Ndikudziwa mlongo wako wandilanda kale nkhani, koma sanakuuze bwino. Tamvera.

Choyamba, mankhwala otsuka m'mimba. Mwana wanga, ndamwapo zowawa pa moyo wanga, koma izi! Chijagi chathunthu, kukoma kwake ngati madzi otsukira ndalama zachitsulo. Tsiku lonse ndinali pa ulendo, kuchipinda, kuchimbudzi, kuchipinda, kuchimbudzi. Mlamu wako anachotsa mipando yonse m'njira ngati kudutsa galimoto ya ozimitsa moto.

Kuchipatala anandibaya jakisoni woziziritsa thupi, moti zambiri sindinazimve. Mutu utayera anatilowetsa mu ofesi tonse atatu. Adokotala, mtsikana wamng'ono wa magalasi, anatsegula faelo n'kutembenukira kwa mlongo wako. Ndisanatsegule pakamwa, mlamu wako anati, "Pepani adokotala, odwala ndi awa. Lankhulani nawo. Ife tikadikira panja." Anamukoka mwamuna wake dzanja n'kutseka chitseko. Ndinatsala ndekha ndi adokotala.

Adokotala anakokera mpando pafupi nane n'kundionetsa zithunzi. Ndinaona m'kati mwanga, mwana wanga. Ndi mofiirira, mosalala, mwaukhondo kuposa m'mene ndinkaganizira. Apa ndi apo timabowo takuda. Anati, "Amayi, timatumba tija ndi iti. Kamene kanatupa kachira. Chotupa choopsa palibe." Ndinati abwereze. Anabwereza. Ndinati, "Ndiyang'aneni m'maso." Anavula magalasi n'kubwerezanso. Pamenepo ndinaseka mpaka misozi. Zaka makumi anayi ndakhala ndikusokera anthu matumba, osadziwa kuti thupi langa likusoka akeake, opanda oda.

Ndinafunsa ngati timachoka. Anati ayi, ndikhala nato, koma tikhoza kukhala phee zaka zambiri ndikamadya masamba, nyemba ndi zipatso, kumwa madzi ndi kuyenda. Ndinafunsa za mtedza ndi nthangala za tomato, poti mayi wina pamzere anandiopseza kuti zimakodwa m'timatumbamo. Anati kale ankaletsa, koma anapeza kuti sizivuta. Chimene chandipweteka ine ndi chimene ndisiye. Anandilembera zizindikiro zoti ndikaziona ndisadikire: ululu wokulirakulira, kutentha thupi, kusanza, magazi.

Ndinatuluka ndekha n'kuwapeza pa benchi atagwirana manja ngati ana otayika pamsika. Ndinawasiya kaye pang'ono, kenako ndinawauza.

Timapepala ta maina ndachotsa pa zovala. Mabisiketi anafika, ndimalandira awiri pa tsiku ngati mkaidi. Sabata yamawa ndibwerera kwanga.

Ndine mayi ako.

12 Meyi

Amayi,

Moni. Kalata yanu ndaiwerenga kanayi, ndawerengeranso amuna anga, aseka mpaka kutsamwa pa nkhani ya mipando. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso alamu.

Mwafika bwanji kunyumba? Madzi mukumwa, kapena mpaka wina aime pambali panu?

Amayi, mwandiuza zonse, za jagi, za magalasi, za mtedza. Koma za zimene ndinakulemberani zokhudza bambo simunanenepo ngakhale liwu limodzi. Ndafufuza mpaka kuseri kwa pepala. Ngati mwandikwiyira, ndikalipireni. Kukhala chete kwanu kukundiwawa kuposa kukalipiridwa.

Ndine mwana wanu.

9 Juni

Mwana wanga,

Moni. Ndachedwa kuyankha, osati chifukwa cha mkwiyo. Mawu ena amafuna kuwayeza kawiri usanadule.

Ndiyambe ndi za thupi. Ndili kwanga, makina akulira. Botolo la madzi limakhala pambali pa sizasi, ndikamaliza msoko ndimamwa. M'mawa uliwonse ndimayenda mpaka pa mlatho n'kubwerera, pamodzi ndi mayi wogulitsa mabatani uja, amene amayenda ndi pakamwa kuposa miyendo. Nyemba ndinazithamangira sabata yoyamba, ndipo makasitomala anavutika nane. Tsopano tagwirizana.

Kumapeto kwa Meyi kumanzere kuja kunayambanso kulasa. Mantha anabwera, sindikubisira. Koma sindinadikire masiku atatu ngati kale. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinatseka shopu, ndinapita kuchipatala ndekha. Anandiyeza, thupi silinatenthe, anati ndi pang'ono, ndipumitse matumbo masiku awiri ndipo ndibwerere zikasintha. Ndinaimbira mlamu wako kuti andiuze m'mene amaphikira msuzi wake uja. Anaseka mpaka foni inagwa. Wanga sunakome ngati wake. Tsiku lachitatu ndinali bwino.

Tsopano za bambo ako.

Ukuti ndinadziwa kwatsala sabata imodzi. Ayi, mwana wanga. Tinadziwa mwezi woyamba, tonse awiri. Namwino anasiya faelo pabedi, ndipo bambo ako, munthu woti ankawerenga ngakhale pepala lokulungira sopo, anaitsegula. M'mawa mwake ndikuwameta ndevu anandiuza. Ndinafuna kukuitanani nthawi yomweyo, iwo anandigwira dzanja. Anati, "Asiye. Akuganiza kuti atinyamula. Ukawauza kuti tikudziwa, atsala opanda chonyamula, ndiye agwa."

Choncho inu munkanama kuchokera uko, ife tinkanama kuchokera kuno, tonse chifukwa cha chikondi, ndipo tinataya miyezi inayi imene tikanakhala tikulankhulana. Mlanduwo si wako wekha. Ndinakhala chete zaka zonsezi poopa kukuchititsa manyazi. Ndinalakwa. Ndipo nditadwala ine, ndinaona m'mene kulili kugona pabedi ukuwerenga nkhope za ana ako ngati nyuzipepala.

Anatsanzika, usadandaule. Anatsanzika kudzera mwa ine. Za iwe anati, "Mtsikana uyu sadziwa kunama. Akafuna kundiuza kuti ndichira, amayamba wakonza pilo." Akuti tsiku lina unakonza kasanu. Ndinawafunsa chifukwa chimene sankakuletsera. Anati, "Ndimuletserenji? Manja ake amandikomera m'khosi."

Ndiye pukuta maso, ana a eni angakuone. Sukulu ikatsekera ubwere, ubweretse siketi ija. Ukandipeza ndagona, pilo ndikonza ndekha. Iwe udzangokoka mpando, n'kukhala, n'kundiuza zoona.

Ndine mayi ako.